Kufukiza mafuta onunkhira m'nyumba: madontho ochepa, nthawi yochepa, zenera lotsegula

June akalowa kuno ku Harare, chisanu chimaluma zala m'mawa, ndipo dzuwa likangolowa aliyense amatseka zitseko ndi mazenera ngati panja pali fisi. Nyumba zathu za ku Mufakose, Highfield, Mbare ndi Dzivarasekwa mukuzidziwa, n'zazing'ono, ndipo ena timachita lendi chipinda chimodzi chomwe ndi chogona, chophikira komanso cholandiriramo alendo. Fungo la kapenta wokazinga, amene agogo anga mpaka lero amamutcha usipa, limakakamira m'makatani masiku awiri. Onjezanipo mabulangete omwe sanaone dzuwa sabata yonse. N'chifukwa chake ambiri ayamba kugula timabotolo ta mafuta onunkhira ochokera ku zomera, pamodzi ndi kamakina kotulutsa nkhungu kamene m'mashopu amakatcha diffuser.

Kanga anandibweretsera ndi mlamu wanga pochokera ku Johannesburg, pamodzi ndi botolo la mafuta a bulugamu. Usiku woyamba ndinathira madontho osawerenga, mwina anakwana 15, ndikuti fungo limveke mpaka kukhonde. Ndinatseka chitseko, kamakina n'kugwira ntchito usiku wonse. M'mawa ndinadzuka mutu ukugunda ngati ng'oma, ndipo mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 4, amene anagona nane tsiku limenelo, anali akutsokomola misozi ili chuchuchu. Agogo atasuzumira pakhomo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Iwe mwana, waphika chiyani muno?"

"Ndi mankhwala a chimfine, Agogo."

"Mankhwala? Tsegula zenera msanga. Mchere umene ukachuluka ndiwo timataya."

Zomwe ndikulemba pano ndinaziphunzira pambuyo pa usiku umenewo.

Mafutawa ndi chiyani kwenikweni

Dzina lakuti mafuta limasocheretsa, chifukwa munthu amaganiza za mafuta ophikira kapena odzola. Awa ndi ena. Ndi timadzi tamphamvu timene chomera chimasunga m'masamba, m'maluwa, m'khungwa kapena m'makoko a chipatso, ndipo timauluka tokha tikasiyidwa pamtunda. Ambiri amawatcheza ngati momwe kumudzi amatchezera kachasu: amadzaza masamba m'chithini, nthunzi imadutsamo n'kunyamula fungo, kenako imazizira mu paipi n'kusanduka madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba. A malalanje ndi mandimu okha ndiwo kawirikawiri amachita kufinya m'makoko. Mukapinda khoko la nachesi pafupi ndi diso n'kumva kuwawa, timadzi tothovokato ndiwo mafuta amene tikunenawa.

Masamba mulu waukulu amatulutsa timafuta tochepa kwambiri. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a maluwa a rozi pamafunika maluwa olemera matani 3 kapena kuposa. Ndiye dontho limodzi musaliyese laling'ono. M'kabotolo ka mamililita 10 mumatuluka madontho 200 kapena kupitirira, kutanthauza kuti wothira madontho 3 tsiku lililonse amatha nako miyezi iwiri.

Liwu lakuti aromatherapy, lotanthauza kugwiritsa ntchito fungo la zomera pofuna thanzi, linafala kuchokera kwa katswiri wa ku France, René-Maurice Gattefossé, m'chaka cha 1937. Koma ife sitinadikire iyeyo kuti tidziwe mphamvu ya fungo. Lubani timamudziwa kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo ndani waiwala 2020 ndi 2021, pamene mzinda wonse unkafunda bulangete pa beseni la madzi otentha a zumbani, chitsamba chonunkhira cha kuno, ndi masamba a bulugamu? Kusiyana kwake n'kwakuti za m'botolozi n'zamphamvu kuposa masamba owiritsa kutali kwambiri.

Poyamba: werengani anthu ndi ziweto za m'nyumba mwanu

Musanatulutse dola ngakhale imodzi, khalani pansi muganize amene adzapume mpweya umenewo. Apa mpamene ine ndinalakwa, ndipo mpamene ndikhalitsepo.

Khanda ndi mwana wamng'ono ali ndi njira zopumira zopapatiza. Mafuta a bulugamu ali ndi chinthu chotchedwa cineole chochuluka, a pepaminti ali ndi menthol, ndipo zonse ziwirizi zimatha kumubanikitsa mwana zikamufika kumaso zili zamphamvu. Lamulo langa ndi ili: m'chipinda momwe muli khanda sindifukiza chilichonse, ndipo bulugamu ndi pepaminti sindiwayandikiza kwa mwana amene sanayambe sukulu. Ngati mumakhala chipinda chimodzi ndi ana, fukizani masana iwo ali panja, mutsegule chitseko, abwere fungo litazilala.

Wodwala mphumu amatha kuyamba kubanika ndi fungo lililonse lamphamvu, ngakhale la lavenda amene anthu amati ngofatsa. Wodwala khunyu apewe rosemary, camphor, fennel ndi bulugamu, chifukwa mafuta amenewa amadziwika kuti amatha kudzutsa matendawo. Mayi woyembekezera afunse anamwino kusikelo, makamaka miyezi itatu yoyamba, nthawi imene ngakhale fungo la sopo limadzutsa nseru.

Kenako ziweto. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya bwino zinthu zina za m'mafutawa, ndipo nkhungu ikatera paubweya wake iye amainyambita podzisambitsa. Tea tree, bulugamu, pepaminti ndi mafuta a malalanje n'zoopsa kwa mphaka. Mbalame ndiye kuposa. Ambiri kuno timaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi yozizira anapiye timawalowetsa m'khitchini kuti afunde. Anapiye ali m'katoni pakona, kamakina kakhale kozimitsa.

Ngati mukugawana khonde ndi alendi anzanu, afunseninso. Makoma a nyumba zathuzi salekanitsa kanthu, fungo limadutsa pansi pa chitseko ngati miseche.

Chachiwiri: kugula mafuta enieni

M'tauni, ku Avondale ndi ku Borrowdale muli mafamase ndi mashopu a zaumoyo ogulitsa timabotolo timeneti, ndipo ena amayenda nato m'zikwama m'maofesi ndi m'makombi. Ine ndinapusitsidwapo kamodzi ndi munthu wina wogulitsa pamsewu. Botolo linalembedwa lavenda, koma nditafika kunyumba linkanunkha ngati sopo wochapira mbale, ndipo linasiya mafuta onanda m'kamakina.

Tengani botolo m'manja muliwerenge. Lenileni limakhala lagalasi lakuda, labulawuni kapena labuluu, pakamwa pake pali kapulasitiki kodonthezera. Pamakhala dzina la chomeracho m'Chilatini: Lavandula angustifolia ndi lavenda, Citrus sinensis ndi lalanje lotsekemera, Eucalyptus globulus kapena Eucalyptus radiata ndi bulugamu, Cymbopogon citratus ndi lemongrass uja timathira mu tiyi, Melaleuca alternifolia ndi tea tree wa ku Australia. Mukaona palembedwa fragrance oil kapena perfume oil, dziwani kuti ndi fungo lopanga m'fakitale. Silinaletsedwe, ena amalikonda, koma musalilipire mtengo wa chenicheni. Fungo la sitiroberi kapena la bubble gum silitchezedwa kuchokera ku chomera chilichonse.

Mtengo nawo umaulula. Mafuta a lalanje ndi bulugamu ngotsika mtengo chifukwa zomera zake zimatulutsa ambiri. A rozi, jasmine ndi sandalwood ngodula koopsa. Tebulo limene mabotolo onse ali pamtengo umodzi, rozi ndi lalanje chimodzimodzi, lidutseni.

Mukafika kunyumba donthezani dontho limodzi papepala loyera, mulisiye mpaka mawa. Mafuta opepuka monga bulugamu, lavenda ndi pepaminti amauluka osasiya banga la mafuta. Mukapeza banga loonekera ngati la pepala lokulungira mandasi, awasakaniza ndi mafuta ena wamba. Kuyesa kumeneku sikugwira pa mafuta olemera monga sandalwood ndi patchouli, amene mwachibadwa amachedwa kuuma.

Woyamba kumene agule mabotolo awiri basi, lavenda ndi lalanje. Ena adzabwera m'tsogolo.

Chachitatu: chofukizira

Kamakina kofala kwambiri ndi kaja kothira madzi. Pansi pake pali kambale kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamanjenjemera maulendo oposa miliyoni pa sekondi imodzi n'kuphwanya madzi ndi mafuta kukhala nkhungu yozizira. Sikatenthetsa kanthu, n'chifukwa chake ndimakakonda m'nyumba ya ana. Vuto lake n'limene tonse tikulidziwa: magetsi. Ngati kwanu amathima m'bandakucha n'kudzabwera anthu atagona, funani kamene kamalowa pa USB, kogwira ndi power bank kapena kasola ka foni. Tambiri tatikulu timafuna adaputala yake ya pakhoma, ndiye funsani musanagule.

Pali china cha dothi kapena chagalasi, chokhala ndi kambale pamwamba ndi malo a kakandulo pansi. N'chotsika mtengo ndipo sichidziwa kuti magetsi apita. Mumathira madzi m'kambalemo, madontho 3 kapena 4, n'kuyatsa kandulo. Koma madzi akauma mafuta amapserera n'kutulutsa fungo loipa, komanso ndi moto umenewo. Mafutawa amayaka. Musachoke m'chipinda kandulo ikuyaka, musagone ikuyaka, ndipo ikhale kutali ndi katani ndi neti.

Timitengo toviika m'botolo timanunkhiritsa pang'onopang'ono usana ndi usiku, n'tabwino kuchimbudzi kapena pakhonde. Ine sindikonda chifukwa simungatizimitse, ndipo botolo lotsegula lokhala ndi timadzi tokongola limakopa mwana.

Njira imene sifuna kugula kanthu ndi iyi: kapu ya madzi otentha, madontho 2, ikani pamwamba pa kabati pomwe mwana sangafike. Kapena dontho limodzi pa thonje kapena pa tishu, n'kuika pa shelefu. M'chipinda chimodzi cha lendi, kunena zoona, zimenezi n'zokwanira. Yesani kaye njira imeneyi sabata imodzi muone ngati a m'nyumba mwanu akugwirizana nalo fungolo.

Chachinayi: kufukiza kwenikweni

Tsatirani motere ngati muli ndi kamakina ka madzi.

1. Yambani mwayeretsa mpweya. Tsegulani chitseko ndi zenera kwa mphindi 10, tulutsani zinyalala, tsukani poto wa nsomba, nsapato zipite panja. Mafuta onunkhira sachotsa fungo loipa, amangokwera pamwamba pake, ndipo lavenda wosakanikirana ndi utsi wa kapenta ndi chinthu chimene sindingafunire ngakhale mdani wanga.

2. Sankhani malo. Pakhale posalala, pokwera ngati tebulo kapena kabati, kutali ndi TV, foni ndi mawaya, chifukwa nkhungu ndi madzi ndithu. Kuchokera pamene mumatsamiritsa mutu pakhale mtunda wa mita imodzi kapena kuposa. Yalani kambale kapena kansalu pansi pake. Dontho la mafuta a lalanje likagwera pa tebulo lopaka vanishi limadya vanishiyo n'kusiya chipsera, kabati ya agogo ili ndi umboni.

3. Zulani pulagi, chotsani chivundikiro, thirani madzi oyera ozizira mpaka pa mzere wolembedwa m'kati. Mukapitirira mzere nkhungu imatuluka yofooka kapena osatuluka n'komwe. Samalani kuti madzi asalowe pa kabowo ka mpweya kali m'mbali. Ambirife timamwa madzi a pa mjigo kapena pachitsime, ndipo ena mwa madzi amenewa amasiya zoyera zouma ngati za m'ketulo. Akakhala otero, gwiritsani a m'botolo ogula, kamakina sikamwa ambiri. Madzi otentha ayi.

4. Donthezani mafuta. Muyeso wodziwika ndi madontho 3 mpaka 5 pa madzi okwana mamililita 100, koma umenewo ndi wa pabalaza lalikulu. M'chipinda chathu chija cholowa bedi, kabati ndi mpando umodzi, yambani ndi madontho 2. Pendeketsani botolo pang'ono mudikire dontho ligwe lokha, musaligwedeze ngati la tomato sosi. Werengani mokweza ngati n'kofunika.

5. Vundikirani, lowetsani pulagi, yatsani. Siyani zenera lotsegula ngakhale mpata wolowa dzanja, kapena chitseko cha m'kati. Ndikudziwa kuti July usiku zimenezi zikumveka ngati chilango. Ndiye fukizani madzulo musanatseke, osati pakati pa usiku.

6. Yang'anani wotchi. Mphindi 30 zakwana, zikachuluka 60, kenako zimitsani kwa nthawi yofanana kapena mpaka mawa. Makina ambiri ali ndi batani la nthawi kapena lotulutsa nkhungu modukizadukiza, ligwiritseni ntchito.

Pa nambala 6 pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense. Pakapita mphindi zochepa mphuno imazolowera n'kusiya kumva fungolo, monga momwe simumva fungo la nyumba yanu koma la nyumba ya eni. Munthu amaganiza kuti mafuta atha, n'kuwonjezera madontho ena asanu. Sanathe. Tulukani panja mukatunge madzi, mukabwerera mudzamva kuti chipinda chadzaza. Mutu kuwawa, nseru, maso kuyabwa, kuyetsemula ndi kukhosi kokanda ndi zizindikiro zoti mwapyola muyeso. Zikatero zimitsani, tsegulani zonse, tulukani.

Zosakaniza zimene ndimagwiritsa ntchito

Madzulo, ndikamaliza kutsuka mbale: lavenda madontho 2, lalanje 1, kwa theka la ola ndisanakagone. Ndimazimitsa ndisanalowe m'bulangete. Loweruka m'mawa pokolopa: lemongrass 1 ndi mandimu 2, zitseko zili pululu. Lemongrass ngwaukali, amaphimba anzake onse, choncho dontho limodzi lokha. Chimfine chikandigwira ana kulibe: bulugamu 2, mphindi 20. Mwezi wa October, kutentha kutafika pachimake misewu ili yofiirira ndi maluwa a jacaranda, dontho limodzi la pepaminti pa tishu limachititsa chipinda kumveka chozizirirapo. Koma nthawi yomweyo ndi imene ambiri amavutika ndi kuyetsemula chifukwa cha fumbi ndi mungu, ndiye wotero asawonjezere mtolo pamphuno yake.

Musasakanize mitundu yoposa itatu. Zimangomveka ngati shopu ya sopo.

Zimene fungo lingachite ndi zimene silingachite

Mphuno ili ndi njira yachidule yopita ku mbali za ubongo zimene zimasunga chikumbukiro ndi mmene mtima ukumvera. N'chifukwa chake fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa limatha kukufikitsa kumudzi uli pa mzere wa kombi ku Copacabana. Ofufuza ena apeza kuti fungo la lavenda limathandiza pang'ono anthu ena kukhazika mtima pansi ndi kupeza tulo. Pang'ono, ndipo anthu ena. Kwa ine mwina theka la ntchito limagwiridwa ndi mwambo wake: kuika foni pansi, kuzimitsa nyali yaikulu, kukhala chete theka la ola.

Menthol wa mu pepaminti amakhudza mitsempha ya m'mphuno imene imamva kuzizira, ndiye munthu amamva ngati mphuno yatseguka ngakhale mpweya wodutsa uli womwewo. Ndi mpumulo ndithu kwa wodwala chimfine, koma chimfinecho chimatha pa nthawi yake.

Ogulitsa ena amalankhula ngati abusa a machiritso. Amati botolo ili limapha tizilombo tonse m'nyumba, ili limatsitsa shuga, ili limachiza BP. Musasiye mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha nkhungu ya m'kamakina. Chifuwa chimene chapitirira masabata awiri, makamaka chobwera ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, n'chofunika kukayezetsa TB ku kiliniki. Mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, athamangitsidwe kuchipatala, osati kuyatsiridwa bulugamu. Citronella ndi lemongrass amaingitsa udzudzu kwa kanthawi kochepa chabe. Mukakwera basi ya kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, m'chikwama mukhale neti, kabotolo kangokhala kowonjezera.

Ndipo pali nkhani ya mbaula, imene sindingaidumphe chifukwa chaka chilichonse nthawi yozizira timamva maliro ake. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chipinda chikhoza kumanunkhira lavenda bwinobwino mpweya wakuphawo uli tho. Mafutawa sayeretsa mpweya umenewo. Mbaula ituluke panja musanagone. Komanso musadonthezere mafuta pa makala, pa sitovu ya gasi kapena ya parafini poganiza kuti fungo lifalikira msanga, chimene chifalikire ndi lawi.

Kutsuka kamakina

Apa ndi pomwe ulesi umatigwira. Madzi otsala musawasiye mpaka mawa, tayani, mupukute ndi kansalu, musiye chivundikiro chotsegula kuti muume. Madzi ogonera amachita ndere ndi tizilombo, ndipo kamakina kadzakupemererani zomwezo m'mapapo. Potaya, pendeketsani kumbali imene kulibe kabowo ka mpweya.

Kamodzi pa sabata thirani madzi theka ndi kasipuni kamodzi ka viniga woyera, muyatse mphindi 5 pafupi ndi zenera, mutaye, mutsukuluze ndi madzi oyera. Kambale konjenjemera kaja kapukuteni mofatsa ndi kathonje ka m'makutu koviika mu viniga. Osakanda ndi mpeni kapena foloko. Nkhungu ikayamba kutuluka yochepa, kawirikawiri vuto limakhala litsiro la pamenepo, osati kuti makina afa. Ndipo kamakina konse sikamizidwa m'beseni.

Kusunga mabotolo, ndi ngozi ikachitika

Adani a mafutawa ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Pawindo ndiye malo oipitsitsa, ngakhale amaoneka bwino pamenepo. Tsekani mwamphamvu mukangomaliza, muike m'kabokosi, m'kabati yozizira. Lembani pa botolo tsiku limene mwalitsegula. A lalanje ndi mandimu amawonongeka msanga, pafupifupi chaka chimodzi, ndipo akawonongeka amanunkha mosasa n'kuyamba kuyabwa kwambiri pakhungu ndi pamphuno. Lavenda ndi bulugamu amapirira zaka ziwiri kapena zitatu akasungidwa bwino.

Kabokosiko kakhale pamwamba penipeni, kapena kokhoma. Kabotolo ka lalanje kamanunkhira ngati switi, ndipo kasipuni kamodzi ka mafuta a bulugamu kakhoza kumukomola mwana wamng'ono kapena kumuyambitsa kuphupha ngati wa khunyu. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa mafuta akabwerera kukhosi amatha kulowa m'mapapo. Musayesenso za mkaka, makala kapena mchere. Munyamuleni kupita kuchipatala pompo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo tengani botololo madokotala akaone chimene wamwa ndi kuchuluka kwake. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Akatayikira pakhungu, pukutani ndi kansalu kothira mafuta ophikira, kenako sambani ndi sopo.

Mafuta a m'kamakina si odzola pathupi osasungunula, ndiponso si othira mu tiyi, kaya wogulitsa alumbire motani.

Kwa amene alibe ndalama ya botolo

Agogo mpaka lero sakagwira kamakina kanga, amati n'kachidole. Iwo amatuma mdzukulu kukathyola masamba a lemongrass kuseri kwa nyumba, amatenga makoko a malalanje awiri ndi zumbani wouma pang'ono wogula ku Mbare Musika, n'kuponya zonse mu poto wa madzi. Akawira amaphula, amaika potoyo pa njerwa pakona pomwe mwana sangagunde, n'kuchotsa chivundikiro. Nthunzi imanyamula mafuta omwe aja, ochepa ndi ofatsa, ndipo imanyowetsako mpweya wouma wa July umene umang'amba milomo. Madzi akazizira fungo limatha lokha, palibe batani loiwala kuzimitsa. Masamba otsalawo amakathira pa bedi la rape.